Chitumbuwa cha Nyemba, Mlendo Amene Wabwerera Kwawo

Aliyense amene anakwerapo basi ya m'bandakucha pa boma la Lundazi amalidziwa fungo limene limayamba kumulonjera asanaone n'komwe kondakitala. Ndi fungo la mafuta otentha pambaula ndi ufa wofufuma. Amayi amakhala atandanda m'mbali mwa siteshoni, aliyense ndi kandowa kake koonekera mkati, ndipo m'menemo muli zitumbuwa, zimene ambiri kuno timazitchula kuti vitumbuwa. Mwana wasukulu, wopalasa njinga ya katundu, mlimi amene wabwera kudzafunsa za feteleza, onsewo kadzutsa wawo ndi yemweyo. Abale athu a kutsidya kwa malire, ku Mzimba ndi ku Kasungu, zatirigu zoterezi amati mandasi, ndipo dzina loti zitumbuwa amalisungira zija za nthochi ndi mgaiwa. Tatchula zimenezi poyambirira kuti tisasokonezane, chifukwa kalata ino imawolokanso malire.

Nkhani yathu inayambira pa phunziro losakhudzana ndi kuphika. Tinali kuphunzitsa kalembedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka pamunda, ndipo tinapempha ophunzira kuti wina apereke chitsanzo cha malonda a kwawo. Anaimirira mtsikana wina amene amayi ake akhala akukazinga zitumbuwa pamsika kuyambira iye ali kumsana. Analemba pabolodi zinthu zisanu: ufa watirigu, shuga, yisiti, mafuta, makala. Kenaka anatembenuka n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, pa zonsezi, chochokera m'munda mwathu ndi chiti?"

M'kalasi munangoti zii. Tirigu sitilima kuno. Amalimidwa mothirira m'nyengo yozizira m'mafamu akuluakulu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka. Shuga amachokera ku Nakambala. Katunduyo ayenera kuyenda makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata, ndi enanso pafupifupi 180 kuti atipeze, ndipo kilomita iliyonse imadya gawo lake. Mafuta amene amayi aja amagula ndi a m'sitolo, ngakhale kuti mpendadzuwa uli mbwee m'minda ya chigawo chino. Chokhacho cha kwathu pamndandandawo chinali makala, ndipo makalawo sitinganyadire nawo, poona mmene mapiri athu akumetekera. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaonjezera mtolo, pakuti madzi atachepa ku Kariba magetsi anasowa, ndipo tirigu ndi mbewu yodalira mapampu. Koma wogula pamsika salola kuti chitumbuwa chikwere mtengo. Motero chitumbuwa sichikwera, chimangochepa thupi chaka ndi chaka, ndipo phindu la wokazinga limachepera limodzi nacho.

Mtsikanayo anabwera ndi yankho lake lomwe. Anatulutsa foni n'kutionetsa zithunzi za pa Facebook: zitumbuwa zothiridwa chokoleti pamwamba, zina zopakidwa kirimu mkati, zina zowazidwa shuga wosalala ngati madonati a ku America. Maganizo ake anali akuti chitumbuwa chikavala zachilendo, mtengo wake ukwera. Sitinamuletse. Pasukulu ya zaulimi mbewu yatsopano sitiiweruza ndi pakamwa, timaipatsa kamunda kake. Tinagula chokoleti, tinakazinga, tinapaka, ndipo zinaoneka bwino kwa mphindi zochepa. Unali mwezi wa October. Pofika 10 koloko chokoleti chinali chitayenderera pansi pa ndowa, ntchentche zitamva uthenga, ndipo titawerengera tinapeza kuti tangoonjezera chinthu chachisanu ndi chimodzi chochokera kutali, chodula kuposa zinzake zonse. Ophunzira anadya okha zotsalazo mosadandaula.

Tsikulo linatisiyira funso labwino kuposa limene tinayamba nalo. Tikamati tikubwereka kwa anthu a mayiko ena, tikubwereka chiyani, katundu wawo kapena kachitidwe kawo? Katundu amafuna ndalama m'mawa uliwonse. Kachitidwe ukaphunzira kamodzi, n'kako.

Njira imene nyemba inayenda

Tisanapitirire tiyenera kumvana pa dzina. Tikati nyemba tikunena mbewu imene a ku Malawi amati khobwe ndipo Atumbuka amati nkhunde. Sitikunena kayera. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi chifukwa chachikulu chimene tichifotokoze patsogolo.

Nyemba ndi mbewu ya mu Africa muno kuyambira kalekale, ndipo dziko limene limakolola zambiri padziko lonse ndi Nigeria. Kumeneko Ayoruba amaviika nyemba, kuzichotsa makoko, kuzipera zosaphika n'kuzikazinga m'mafuta timibulu totchedwa akara, timene amayi amagulitsa m'misewu ya Lagos ndi Ibadan m'mawa, monga amachitira amayi athu ndi zitumbuwa. Anthu amene anagwidwa ukapolo ku West Africa anawoloka nako kaphikidwe kameneka nyanja ya Atlantic. Lero mumzinda wa Salvador, m'chigawo cha Bahia ku Brazil, chakudya chomwecho amachitcha acarajé. Amachikazinga m'mafuta a kanjedza, kuching'amba pakati n'kuikamo ndiwo, ndipo mu 2005 boma la Brazil linalemba ntchito ya amayi ochigulitsa m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dzikolo. Taganizirani, amayi okazinga m'mbali mwa msewu kulembedwa m'buku la boma ngati chinthu chonyaditsa fuko. Pafupi ndi ife, ku Maputo, anthu amagula badjia, timibulu ta nyemba tokazinga, n'kutiika mkati mwa buledi, ndipo ndiye kadzutsa wa ogwira ntchito ndi ana asukulu. Ku Egypt ndi mayiko oyandikana nawo kuli falafel, wopangidwa ndi mitundu ina ya nyemba za kumeneko, koma nzeru yake ndi yomweyo: kuviika, kupera zosaphika, kukazinga.

Zombo za Apwitikizi zimene zinkapita ndi anthu ndi nyemba zinkabwerera ndi katundu wina. Chimanga, nshawa, chinangwa, mbatata, matimati ndi tsabola, zonsezi kwawo n'ku America. Ngakhale dzina loti chitumbuwa lili ndi mbale wake ku gombe la Aswahili, kumene vitumbua ndi timikate ta ufa wa mpunga ndi kokonati. Choncho amene angatidzudzule kuti tikuononga chakudya cha makolo ayambe wafunsa kuti makolowo anachitenga kuti. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chodabwitsa pa mlendo uyu n'chakuti kalumo kake anakasulira ndi chitsulo cha kwathu.

Mmene tinapangira

Woyamba kutitsutsa anali ambuya amene amatiphikira pasukulu pano. Ataona tikuviika nyemba pambali pa felempani anapukusa mutu nati, "Aphunzitsi, nyemba ndi ndiwo. Munaona kuti ndiwo ikusanduka chitumbuwa?" Koma ndi iwo omwewo amene anatipulumutsa. Ife tinali kuchotsa makoko ndi zala, njere imodziimodzi, monga tinaonera pa foni, ndipo ola lathunthu linatha tisanadzaze kapu. Ambuyawo anatilanda nyembazo, anatenga zouma, anaziphwanya pang'ono mumtondo, anapeta palichero, n'kuziviika. Makoko otsala anayandama okha. "Si mmene timapangira chipere?" anatero. Theka la luso la ku Lagos linali kale m'manja mwawo, kungoti palibe anawafunsapo.

Nayi njira imene takhazikika nayo titalephera kangapo. Tengani makapu 2 a nyemba zouma zosafumbwa. Ziphwanyeni, petani, ndipo muziviike maola 2 kapena 3 mpaka njere izitha kutswanyika ndi chikhadabo. Tsanulani madzi pamodzi ndi makoko. Sinjani mumtondo woyera pamodzi ndi anyezi mmodzi mpaka pasakhale kanjere komveka pakati pa zala. Madzi muzithira pang'onopang'ono, osafika kapu imodzi, chifukwa phala likamera madzi limabalalika m'mafuta ndipo simungalibwezenso. Tsopano pakubwera ntchito imene ambiri amaithawa, koma ndiyo mwini nkhani: kupuntha phalalo ndi mthiko kwa mphindi 5 mpaka 10, mbali imodzi, kufikira litayera ndi kupepuka. M'chitumbuwa chatirigu amene amalowetsa mpweya ndi yisiti. Muno amene amalowetsa mpweya ndi dzanja lanu, ndipo chimene chimaugwira kuti usathawe ndi mapuloteni a m'nyembamo. Mukafuna kudziwa ngati lapsa, donthezani kaphala pang'ono m'kapu ya madzi. Kakayandama, yatsani moto. Mchere muthire pomaliza penipeni, mafuta atatentha kale, pakuti ukakhalitsa m'phala umaligwetsa. Tapani ndi supuni, kazingani mphindi 2 kapena 3 mbali iliyonse pamoto wapakati. Ife makapu 2 amatipatsa zitumbuwa zoposa 20.

Onani zimene zachoka pamndandanda wa pabolodi uja. Tirigu palibe, shuga palibe, yisiti palibe. Mafuta tinagwiritsa ntchito a mpendadzuwa wofinyidwa konkuno, titawasefa ndi nsalu yoyera. Ali ndi kafungo kawo, koma anyezi amakaphimba.

Chenjezo lija ndi ili. Musayese njira imeneyi ndi kayera, makamaka wofiira. Kayera wosaphika ali ndi poizoni amene amafa pokhapokha atawira kwambiri m'madzi, ndipo mphindi zochepa za m'mafuta sizingatsimikize kuti pakati papsa mokwanira. Wodya akhoza kusanza ndi kutsekula m'mimba tsiku lomwelo. Soya nayenso salola. Wosaphika amanunkha chiwisi ndipo ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya bwino chakudya. Tikudziwa kuti m'nkhokwe zambiri za kuno muli soya amene anasowa msika wabwino, ndipo mayesero ake ndi aakulu, koma soya ali ndi njira zake zina.

Kumsika

Amayi a mtsikana uja sanavomere msanga, ndipo sitinawaone cholakwa. Mpamba wa wokazinga zitumbuwa umazungulira tsiku limodzi: za lero ndizo zigule ufa wa mawa. Ndowa imodzi ikabwerera yosagulidwa, malonda aima, ndipo fizi ya mwana yaima nawo. Ife aphunzitsi n'kosavuta kulimbikitsa munthu kuti ayese zatsopano, malipiro athu ali chikhalire. Tinagwirizana kuti nyemba ndi mafuta a masiku oyamba zichokere kusukulu, ndipo iwo apitirize zatirigu monga mwa masiku onse, zanyembazo zingokhala pambali.

Tsiku loyamba anthu ankaluma n'kuima kaye. Pakamwa pamayembekezera shuga, n'kupeza mchere ndi anyezi. Ena anabweza. Ana aang'ono anakana zimene tinaikamo tsabola, ndipo kuyambira pamenepo tsabola timaika padera. Amene anatitsegulira njira anali anyamata onyamula katundu panjinga. Mmodzi wa iwo anagula banzi pa tebulo loyandikana, analing'amba, anaikamo ziwiri, n'kudya ataimirira. Sanamvepo za Maputo, koma anafika pa badjia yekha. Mawa lake anabwera ndi anzake, ndipo chifukwa chimene anapereka chinali chimodzi: ukadya zimenezi njala siikupeza msanga. Ananena zoona. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nyemba youma ndi mapuloteni, pamene chitumbuwa chatirigu ndi ufa woyera, shuga ndi mafuta basi. M'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osafika zaka 5 ndi opinimbira, sitingaone ngati nkhani yaing'ono chimene mwana amagula ndi kandalama ka m'thumba. Ndipo kwa a mumpingo mwathu amene sadya nyama, kapena amene amakayikira soseji ya m'mbali mwa msewu posadziwa chimene chili mkati, apa palibe chofunsa.

Banzi ndi nyemba zokha zimauma kukhosi. A falafel amathirapo msuzi wa chitowe, a ku Indonesia ali ndi msuzi wa nshawa umene amadyera nyama yootcha. Ife tili m'dziko la Chalimbana, choncho sitinavutike kusankha. Masupuni 3 a chiponde, madzi a ndimu imodzi, adyo pang'ono, mchere, ndi madzi owiritsa osungunulira. Ophunzira ena ankafuna kuikamo kabichi ndi matimati osaphika monga zimaonekera pazithunzi. Tinakana. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu October 2023, imene inasandutsa bwalo la Heroes ku Lusaka kukhala chipatala n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu mpaka February 2024. Pamsika pamene madzi ndi ogula pa chigubu, chilichonse cholowa m'banzi chidutse pamoto. Matimati ndi anyezi timakazinga.

Pa chiponde tiyenera kuima pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mlimi angaphe wogula wake mosadziwa. Mwambo woipa umene tonse timaudziwa ndi wakuti nshawa zabwino zimapita kwa ogula, zonyala ndi zachuku n'kutsala zosinja pakhomo. Chuku chimenecho chimabala poizoni wosaoneka, wosamveka kukoma, wosafa ndi moto, amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kukazinga sikumuchotsa. Chimene chimathandiza ndi kukumba nshawa pa nthawi yake, kuziumitsa bwino zisanalowe m'thumba, kusawaza madzi pa makoko pofuna kuti kusenda kufewe, ndi kutaya njere iliyonse yonyala, yobooka kapena yosintha mtundu. Kutaya, osati kupatsa nkhuku. Bungwe la COMACO, limene lakhala likugula mbewu kwa alimi a kuno kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 2000, lafikitsa chiponde cha It's Wild! m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka, ndipo sichikanafika kumeneko popanda kusankha kotere. Mwana wogula pa siteshoni ya Lundazi sachepa mtengo poyerekeza ndi wa ku Lusaka. Pena timamva anzathu akunyadira kuti Dokotala John Harvey Kellogg wa ku Battle Creek anatenga chikalata cha kapangidwe ka chiponde m'zaka za m'ma 1890. N'zoona, koma agogo athu sanadikire chikalatacho kuti agwire munsi.

Kwa amene makasitomala awo sangasiye zotsekemera, njira yachidule ilipo. Phikani mbatata yofiira mkati, ikanyeni, ndipo ilowe m'malo mwa gawo limodzi mwa magawo atatu a ufa watirigu. Shuga muchepetse, madzinso muchepetse. Chitumbuwa chimatuluka chofewa, chachikasu, chokhala ndi vitamini A. Si nzeru yathu. Ku Mozambique anayamba kale kuphika buledi wotere, ndipo ntchito yofalitsa mbatata imeneyi ndiyo inapezetsa Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low mphoto ya World Food Prize mu 2016, pamodzi ndi Howarth Bouis.

Pali chinthu chimodzi chimene ophunzira anapempha ndipo tinachikana. Ankafuna kuika chikanda m'banzi ngati baga, poti masiku ano chimapezeka ngakhale m'malo odyera apamwamba mumzinda. Kukoma kwake sitikutsutsa. Vuto ndi lakuti chikanda sichilimidwa. Ndi timizu ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, ndipo wokumba akachotsa kamuzu, chomeracho chatha. Zambia itadya zake inayamba kuitanitsa kuchokera ku mapiri a kumwera kwa Tanzania, mpaka dzikolo linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa ake. Ku Nyika, kumpoto kwathu kuno, okumba afikanso. Sukulu yophunzitsa kubzala singaphunzitse anthu kukulitsa msika wa chinthu chimene palibe akuchibzala.

Tisakunamizeni kuti zonse zayenda. Chitumbuwa cha nyemba chimakoma chikadali chotentha. Chikazizira chimalemera, ndipo sichigona. Chatirigu mukhoza kukazinga kunyumba usiku n'kuyenda nacho tsiku lonse m'ndowa, koma ichi chimafuna kuti mbaula ikhale pomwepo pamsika, ndipo phala lake likakhala padzuwa maola angapo limasasa. Amayi aja tsopano amasinja kawiri, m'mawa ndi chakumadzulo, pang'onopang'ono. Ndalama imene apulumutsa pa ufa ailipira ndi msana. Tikamawerengera phindu pabolodi timaiwala kawirikawiri kuika mtengo pa maola a mayi, ngati kuti dzuwa lake ndi lalitali kuposa la ena. Mtsikana uja ndiye anatikumbutsanso zimenezi, ndipo tinakonza masamu athu. Phindu lilipobe, koma si lalikulu monga tinalengezera tsiku loyamba.

Vuto lina ndi la kumunda. Ambiri timabzala nyemba ngati mbewu yongoperekeza chimanga, mizere iwiri ya masamba a ndiwo ndi mfutso, ndipo zochepa zimene timakolola zimafumbwa isanafike August. Wokazinga amafuna nyemba chaka chonse. Matumba a PICS, a nsanjika zitatu osalowa mpweya, anapangidwa poyamba ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue chifukwa cha mbewu yomweyi, ndipo amasunga popanda mankhwala malinga nyembazo zauma bwino ndipo thumba silinabooke. Mbewu zabwino ziliponso. Kuwonjezera pa Lutembwe ndi Bubebe zimene ambiri mukuzidziwa, Yunivesite ya Zambia inatulutsa mitundu iwiri yotchedwa Lukusuzi ndi Lunkhwakwa, mayina a mitsinje ya kwathu kuno kum'mawa. Nyemba imapirira ng'amba kuposa chimanga ndipo imasiya chonde m'nthaka, choncho mlimi amene waipatsa munda wakewake sataya kanthu ngakhale msika wa zitumbuwa utapanda kukula.

Chaka chino tapatula mizere kuseri kwa khola la mbuzi kuti tibzale mitundu inayi imeneyi moyandikana, pamodzi ndi nyemba yamakolo imene ambuya abweretsa kuchokera kumudzi kwawo. Tikufuna kuona kuti ndi iti imene imasenda makoko mosavuta ndi kufufuma bwino m'mafuta, chifukwa zimenezi sizilembedwa pa thumba la mbewu. Takambirananso ndi mwini chigayo wina wapafupi kuti ayese kugaya nyemba zosenda kale kukhala ufa wokhakhala, kuti mayi azingoviika m'mawa m'malo mosinja. Ulendo woyamba ufawo unatuluka wosalala kwambiri ndipo zitumbuwa zake zinali zolimba ngati miyala ya legeni. Sefa ya mabowo aakulu tiiyesa mwezi wamawa. Amene muli ndi nyemba yamakolo ya mtundu uliwonse, tumizani kapu imodzi kudzera mwa ophunzira a kwanu mvula isanagwe, mutalemba dzina limene mumaitchula ndi mudzi umene yachokera.